Nkhope Yokandidwa ndi Singano

Begimai anapsa mtima asanavule n'komwe chikhoti. Atangokankha chitseko cha ofesi, anapeza a Esenbek atakhala pampando wake, kompyuta yake atayatsa, chala chawo chonenepa chili pa sikirini ngati munthu wapeza ntchentche mu supu.

"Ichi n'chiyani, mwana wanga?"

"Chithunzi choyamba cha chionetsero, agai. Si tinagwirizana?"

"Tinagwirizana chithunzi. Ichi ndi chilonda."

A Esenbek ndiwo ankayang'anira kanyumba kena kosungiramo zinthu zakale mu Bishkek, ka zipinda zochepa, kozizira ngati m'firiji. Kale anali mphunzitsi, n'chifukwa chake aliyense ankawaitana kuti agai, ndipo uphunzitsiwo sunawachoke m'magazi. Kwa iwo munthu aliyense anali mwana wasukulu amene wabwera mochedwa. Iwowa ndiwo anamulemba Begimai ntchito yomanga webusaiti ya chionetsero cha zithunzi za m'mabanja, zojambulidwa m'zaka za m'ma 1930, zimene anthu anabwera nazo okha atazifukula m'masutikesi ndi pansi pa matiresi. Chionetserocho chinali cha pa intaneti pokha, chifukwa makoma a nyumbayo anali atadzaza kale ndi zishalo za akavalo.

Chithunzi chimene bwanayo ankalozacho chinali cha anthu atatu. Mayi ataimirira, mpango woyera kumutu. Kamtsikana katatsamira bondo la bambo ake. Bamboyo atakhala pampando, jekete atamanga mabatani mpaka m'khosi, dzanja lili paphewa la kamwanako. Koma pamene panayenera kukhala nkhope yake panalibe nkhope. Panali mizere yoyera yokhayokha, yopingasana, yokandidwa mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka.

Amene anabweretsa chithunzicho anali Burul apa (kumeneko mayi wamkulu amamuitana kuti apa), gogo wa ku Tokmok wa zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi, yemwe moyo wake wonse anagwira ntchito kudepoti ya mabasi, kukalipira madalaivala pa chimkuzamawu. Mawu aja anali akadali nawo. Tsiku limene anabwera, anachimasula m'kampango n'kuchiponya patebulo ngati tikiti yotha ntchito.

"Awa ndi bambo anga, a Toktosun. Ankaphunzitsa ana kuwerenga. Apolisi anawatenga mu 1938, sanabwererenso. Masiku amenewo ukapezeka ndi nkhope ya munthu wotengedwa m'nyumba mwako, nawenso unkatengedwa. Amayi kuti awotche chithunzichi, manja anakana. Kuti akande okha, manja anakananso. Ndiye anandipatsa ine singano, ati mwana saimbidwa mlandu, iwo n'kutembenukira kukhoma. Ndinakanda bwino, eti? Ndinali mwana wakhama."

Begimai anafunsa ngati nkhopeyo akuikumbukabe.

"Ndimakumbuka singano. Usandifunsenso zopusa."

Kuyambira tsiku limenelo Begimai anadziwa mmene tsamba loyamba lidzaonekere. Lakuda bii, lopanda nyimbo, lopanda zokongoletsa, chithunzicho chokha pakati. Munthu akachikhudza chizikula pang'onopang'ono, mpaka aone mzere uliwonse wa singano, ngakhale paja dzanja la mwana linaterereka n'kukanda kolala ya jekete. Pansi pake mawu a Burul apa, mmene anawayankhulira, osawapaka mafuta. Anachivutikira kwambiri chithunzicho kuti chizitseguka msanga ngakhale pa foni yakale ya munthu wa kumapiri. Ndiye lero munthu azichitcha chilonda?

"Agai, chilondacho ndicho chionetsero."

"Iwe, mvera kuno. Kudzabwera alendo olemekezeka. Anthu a kumayiko akunja adzatsegula tsambali. Adzati chiyani? Adzati anthu awa sadziwa kusamala zithunzi, amazisiya kuti mbewa zizidya. Ine ndikufuna kanyimbo ka komuz, kagitala kathu kamakolo kaja, kazilira pansipansi, m'mbalimu uikemo maluwa ngati a pa kapeti, ndipo zithunzi zikhale zoyera. Mdzukulu wanga wandionetsa pulogalamu yokonza zithunzi zakale. Ukangodina kamodzi, makwinya onse psiti."

"Makwinya, agai. Osati nkhope imene kulibe. Makina amenewo a Toktosun sawadziwa. Amangopeka. Amatola mphuno uku, maso uko, kwa anthu ena amene anawaonapo, n'kumata."

"Unayesa?"

"Sindikufuna kuyesa."

"Ndiye ukudziwa bwanji? Ana a masiku ano! Kukana chakudya musanalawe."

Apa ndi pamene Begimai analakwa, ndipo tisabise, analakwa chifukwa cha mkwiyo. Munthu wodekha akanatuluka n'kupita kukamwa tiyi mpaka mtima utatsika. Iye ayi. Anakoka kiyibodi mwamphamvu mpaka kapu ya bwanayo kugwedezeka, n'kulowetsa chithunzi cha a Toktosun mu pulogalamu ija. Panatuluka nkhope ya bambo wa masaya akulu ndi ndevu za pamlomo. Anadinanso. Panatuluka wina wowonda, wa maso achifundo, chipumi chachitali. Anadinanso. Panatuluka wachitatu, wa nsidze zokumana, wooneka ngati wogulitsa nkhosa wosatsitsa mtengo.

Anaziika zonse zitatu pamzere.

"Onani! Mwana mmodzi, abambo atatu. Mukufuna ndidinenso? Pofika madzulo tikhala ndi abambo odzaza basi."

A Esenbek anavala magalasi, anasendera pafupi, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Begimai anaganiza kuti wapambana.

"Wapakatiyu," iwo anatero. "Ali ndi maso a mphunzitsi."

Koma abale! Begimai anauza bwanayo kuti nkhope imeneyo ikakwera patsamba, iye atenga chikhoti chake n'kumapita, amalize okha webusaitiyo ndi mdzukulu wawoyo. A Esenbek anakweza manja m'mwamba, akuseka. "Chabwino, chabwino, usandilume. Sunga chilonda chakocho." Pa nyimbo ndi maluwa anagonjanso. Begimai anatuluka, ndipo nkhope zitatu zija anazisiya mu kompyuta ya mu ofesi osazifufuta.

Panalinso china chimene sanachiganizire. Begimai ankadana ndi omanga mawebusaiti amene amasiya eni ake ali akapolo, ofunika kuimba foni nthawi zonse akafuna kusintha kachilembo kamodzi. Iye ankamanga kuti ngakhale mlonda athe kusintha chithunzi yekha. Ndipo a Esenbek anawaphunzitsa yekha, moleza mtima, dzanja lake lili pamwamba pa dzanja lawo pa mausi: mudine apa, musankhe chithunzi, mudinenso apa, basi chakwera. Anali wophunzira wabwino.

Tsiku lotsegulira chionetsero anaika sikirini yaikulu m'chipinda cha zishalo. Matebulo anadzaza ndi boorsok, timikate tija tokazinga m'mafuta, maswiti, mphesa zouma ndi matiipoti. Alendo olemekezeka anakhala kutsogolo ndi zipewa zawo zoyera zazitali. Burul apa anabwera ndi mwana wawo Kubat, bambo wa imvi, dalaivala wa malole amene anapuma ntchito, yemwe ankawagwira mayi ake pachigongono iwo akumukankha kuti awasiye. A Esenbek anayankhula mpaka tiyi kuzizira. Kenako anati, "Begimai, mwana wanga, yatsa."

Begimai anayatsa.

Tsamba lakuda linatuluka, mmene analimangira. Mayi wa mpango woyera. Kamtsikana. Dzanja paphewa. Ndipo pamwamba pa jekete, nkhope yowonda ya maso achifundo, yosalala, yopanda kamzere ngakhale kamodzi.

Magazi anamukwera kumutu mpaka makutu kulira. Anatembenuka kuyang'ana a Esenbek, iwo n'kumayang'ana kudenga ngati akuwerenga mababu. Chimene chinamugwira kuti asakuwe pomwepo chinali chimodzi: Burul apa anali pompo. Mumtima anati, dikirani, agai, lero mumva mawu a kudepoti. Anachita kulakalaka kuti gogoyo awang'ambe pamaso pa zipewa zonse zija.

Burul apa anaimirira. Anatenga ndodo yawo, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pa sikirini. Anaima pamenepo, mutu uli chagada, pakamwa pakugwedezeka. Kenako anatambasula dzanja n'kukhudza tsaya la munthu uja, ndipo chithunzicho chinayamba kukula pansi pa zala zawo, monga mmene Begimai anakonzera, mpaka maso aja anadzaza sikirini yonse.

"Ata," anatero, kutanthauza bambo, ndi mawu aang'ono amene palibe dalaivala anawamvapo. "Ata, ndinu?"

Analira. Osati misozi ya ulemu ya pamwambo, koma kulira kwenikweni kwa mwana wotayika pamsika. Azimayi anapukuta m'maso ndi mipango. Wina anayamba kuwomba m'manja, onse n'kutsatira. Kubat anagwira dzanja la a Esenbek ndi manja awiri, akufunsa kuti zatheka bwanji.

"Nzeru zamakono, m'bale wanga," bwanayo anayankha osaphethira. "Makina amaona pansi pa zokandakanda."

Kubat anafotokoza kuti kumanda kumudzi, pambali pa agogo ake aakazi, anaimikapo kale mwala wakuda wa a Toktosun, ngakhale mtembo palibe amene akudziwa kumene unatayidwa. Miyala ya anthu ena yonse ili ndi nkhope zosemedwa. Wawo wokha uli ndi dzina, ndi malo osalala pamwamba pake amene akhala akudikira. "Tsopano agogo apeza nkhope," anatero, n'kujambula sikiriniyo ndi foni yake.

Begimai anawapeza a Esenbek m'kakhonde kopita kosungira katundu, atanyamula mbale ya boorsok.

"Mwanama."

"Tsitsa mawu, kuli alendo."

"Mwandinamiza ine, mwanamiza Kubat, mwanamiza gogo amene phazi limodzi lili kale kumanda. Pansi pa zokandakanda! Pansi pa zokandakanda pali pepala, agai, pepala!"

A Esenbek anaika mbale pawindo. Kuseka kuja kunali kutawathera.

"Waiona misozi ija? Mayi uja wakhala moyo wake wonse akudziwa kuti nkhope ya bambo ake anaipha ndi dzanja lake. Iwe umafuna umukulitsire chimenecho pa sikirini, dziko lonse lizichiona mzere ndi mzere. Ndiye chifundo chako chimenecho? Agogo anga nawonso anatengedwa, ngati sukudziwa. Ife tilibe ngakhale chokandidwacho. Wina atandipatsa nkhope lero, sindingafunse kumene waitenga. Iwe unamupatsa chiyani gogo uja? Ine ndamupatsa bambo."

"Mwamupatsa munthu amene sanabadwepo."

"Anamubereka ndani? Ine pulogalamu ija sindidziwa n'komwe pamene amadina."

Mawu amenewo anamulowa ngati minga, chifukwa anali oona. Choipa chitsata mwini. Begimai anabwerera kunyumba akutukwana chilichonse, basi yochedwa, chipale chofewa chosanduka matope, galu wa eni ake. Atafika anatsegula laputopu n'kubwezeretsa chithunzi chokandidwa patsamba loyamba. M'mawa mwake anapeza maso achifundo aja abwereranso. Anachotsanso. Anabwereranso. Anthu awiri akuluakulu kulimbirana tsamba ngati ana olimbirana bulangete. Akanatha kuwatsekera kunja a Esenbek, si zovuta, koma zikanathandiza chiyani? Madzi akatayika saoleka. Nkhope ija inali kale mu foni ya Kubat, ndipo kuchoka mmenemo inali itafika kwa abale onse mpaka ogwira ntchito ku Moscow.

Lachisanu Kubat anamuimbira foni.

"Mlongo wanga, agai akuti za kompyuta ndi iwe. Wosema miyala akuti chojambula ndi foni sichikuoneka bwino, akufuna chachikulu chooneka tsitsi lililonse. Akuyamba Lolemba. Ungatisindikizire? Ubwere nacho wekha, amayi akufuna akuthokoze."

Begimai anakhala ndi foni m'manja nthawi yaitali itaduka. Webusaiti imasinthika. Lero uika ichi, mawa uchotsa. Mwala ayi. Munthu wopekedwa ndi makina tsiku lina iye atakwiya akanagona pambali pa mkazi wa a Toktosun mpaka kalekale, adzukulu n'kumamuwerengera mapemphero. Anakwiyira a Esenbek, anakwiyira amene anapanga pulogalamu ija, anakwiyira anthu aja anabwera kudzatenga mphunzitsi mu 1938 amene anafa bwinobwino pamabedi awo nkhope zili zonse. Koma woyamba pamzere anali iye mwini. Anapita kosindikiza n'kusindikiza nkhope zonse zitatu, zazikulu mofanana.

Loweruka anakwera minibasi ya ku Tokmok, envulopu ili pamiyendo.

Kunyumba kwa Burul apa kunkanunkhira nyama ya nkhosa. Kubat anamulandira pageti, akumuuza kuti dzulo anapha nkhosa, anaitana moldo, shehe wa kumzikiti, kudzawerenga Kurani, ndipo anthu a mumsewu wonse abwera kudzaona. Begimai anavula nsapato n'kulowa. Pakhoma, pamwamba pa kapeti yofiira, panali chithunzi chochokera mu foni chija, chosaoneka bwino, atachiika mu fulemu n'kuchikoleka nsalu yopeta.

Anamukhazika kumtunda kwa nsalu ya chakudya, malo a mlendo wolemekezeka. Iye anakana, gogoyo n'kumukalipira kuti akhale. Burul apa ananyema buledi n'kumuikira patsogolo, kenako anathira tiyi m'kambale, pang'ono pokha pansi, monga amachitira kwa mlendo amene akufuna akhalitse kuti azimuthirira mobwerezabwereza.

"Idya, wawonda ngati chingwe cha basi. Taona mphuno ya Kubat. Taona ya pakhomapo. Zaka zonsezi ndinkadabwa kuti mwana ameneyu mphuno yonga jombo anaitenga kuti, kani ndi ya agogo ake!"

Kubat anaseka, akusisita mphuno. Begimai analuma buledi. Anaganiza zotulutsa chimodzi chokha, chapakati chija, n'kumwa tiyi, n'kubwerera kwawo aliyense akumudalitsa. Ndani akanadziwa? Ndipo anadzida chifukwa choganiza zimenezo, ndipo mkwiyo womwewo ndi umene unamutsegula pakamwa.

"Apa, sindinabwere ndi chithunzi chimodzi."

Anasuntha mbale ya maswiti, n'kuyala mapepala atatu aja pansalu. Wa masaya akulu. Wa maso achifundo. Wa nsidze zokumana. Onse atavala jekete limodzi, onse dzanja lili paphewa la kamtsikana kamodzi.

"Awa ndani?" Kubat anafunsa.

"Palibe. Onsewa palibe. Ndinawapanga ine pa kompyuta, tsiku limodzi, kuti ndionetse agai kuti makina amanama. Makina saona pansi pa zokandakanda. Pansi pake palibe chimene chinatsala. Amangopeka nkhope yoti ikwanire pakhosipo. Agai anasankha wapakatiyu chifukwa anawasangalatsa. Akanatha kusankha uyu, kapena uyu."

Kubat anaimirira, nkhope itafiira.

"Ukunena chiyani iwe? M'nyumba muno? Wadya buledi wathu n'kumatiuza zimenezi? Amayi anawazindikira okha, tonse tinaona!"

"Baike, achimwene, pepani, koma..."

"Pepani wa chiyani? Tapha nkhosa! Moldo wawerenga Kurani pamaso pa chithunzi chimenechi! Ndiuze chiyani abale? Kuti tinalirira katuni? Anthu a mu Bishkek inu, mumatenga zinthu za anthu n'kumaseweretsa, lero bambo, mawa si bambo..."

"Khala pansi, Kubat."

Anali mawu a kudepoti. Kubat anakhala.

Burul apa anakoka mapepala aja n'kuwayandikitsa kumaso, limodzi limodzi. Woyamba anamuyang'ana n'kumuika pansi. Wachitatu chimodzimodzi. Kenako anawasakaniza, n'kuwayalanso mwa dongosolo lina, n'kuyang'ananso. Begimai anaona kuti gogoyo akufufuza ndi mphamvu zake zonse m'mutu mwake, akufuna kanthu kakang'ono koti amutsutse nako, khutu, kadontho, chilichonse. Sanapeze.

"Akanaika uyu wa nsidzeyu," anatero pomaliza, "ndikanalira chimodzimodzi?"

Begimai anayamba kupindapinda ngodya ya envulopu.

"Ndakufunsa, mtsikana iwe. Pakamwa unali napo posachedwapa."

"Sindikudziwa, apa."

"Ine ndikudziwa. Ndikanalira. Ndikanati nsidze za Kubat." Anaseka kamodzi, kuseka kouma. Kenako anamenya pansalu ndi chikhatho mpaka timbale kulira. "Anakutuma ndani? Ndani anakufunsa? Ndinakupatsa chithunzi changa, ndinakuuza kuti nkhope sindiikumbuka, iwe n'kukasewera nacho kuti upambane mkangano ndi bwana wako. Chabwino, wasewera. Ndiye bwanji sunakhale chete? Sabata yathunthu ndinali ndi bambo. Ndimadzuka m'mawa n'kuwapatsa moni. Ndawauza za amayi, mmene anafera, ndawauza mayina a adzukulu. Ndawapepesa za singano ija, ndipo anandiyang'ana ngati andikhululukira. Ukudziwa zaka zimene ndadikira kuti andiyang'ane? Koyamba anawatenga apolisi. Kachiwiri ndinawakanda ine. Ndimayesa zinathera pomwepo. Kani kunali iwe ukubwera ndi envulopu yako."

Begimai analira, ndipo anakwiya kuti akulira, chifukwa misozi m'nyumba imeneyo sinali yake. Anafuna kunena za mwala, kuti bodza la pamwala silifufutika, koma anaona kuti gogoyo akudziwa kale.

Kubat anayankhula motsitsa. "Apa, tingathe kusemabe. Ndani adziwe? Mtsikanayu sanena."

"Pambali pa amayi anga? Ndiwagonekere mwamuna wachilendo? Anadikira mwamuna wawo mpaka imfa, akukana amuna enieni a mphuno zenizeni, ndiye ine ndiwabweretsere wa mu kompyuta? Adzandifunsa ndikapita, ndipo sindichedwa kupita. Imbira wosema uja. Umuuze asakhudze mwala."

"Ndiye pakhale posalala choncho?"

"Pakhala posalala zaka zonsezi, pafa ndani? Imba. Ndipo uchotse icho pakhoma anthu asanabwerenso."

Kubat anatsitsa fulemu ija, nsalu yopeta n'kugwera pansi, n'kutuluka panja ndi foni. Ankamveka akukalipira wosema miyala amene sanalakwe chilichonse.

Burul apa anatembenukira kwa Begimai.

"Pa chinthu chako cha intaneticho ubwezeretse chithunzi changa mmene ndinachibweretsera. Mizere yonse. Bwana wakoyo akavuta umuuze ndibwera ndekha, ndipo sindibwera kudzalira."

"Ndibwezeretsa lero, apa."

Begimai anayamba kutolera mapepala aja kuti awabwezere mu envulopu. Anatenga wa masaya akulu. Anatenga wa nsidze. Atafikira wapakati uja, anapeza dzanja la gogoyo lili pamwamba pake, zala zokhota zitakanikiza pepala.

"Uyu musiye."

"Apa, si..."

"Ndamva kuti si bambo anga, sindine wogontha. Koma ndamuuza zambiri. Sangapite ndi iwe pa minibasi."

Gogoyo anakoka wapakati uja, osamuyang'ananso, n'kumulowetsa pansi pa khushoni imene anakhalira. Kenako anatenga tiipoti, anakoka kambale ka Begimai, n'kuthira. Sanaime pakati. Anathira mpaka tiyi kufika pamlomo penipeni pa kambaleko, n'kumupatsa ndi dzanja limodzi, maso ali kukhoma kumene kunatsala msomali.

Begimai anabadwira m'dziko lomwelo, sankafunika womasulira: kambale kodzaza ndi kumuuza mlendo kuti azipita. Analandira ndi manja awiri, tiyi akutayikira pazala n'kumuwotcha, ndipo anamwa yense mpaka kutha, n'kupita kukavala nsapato zake.